Ulendo wa ku Bethlehem Kumene Asunga Akambuku

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za ulendo umene tidayenda pamene tidakacheza kwa ana athu ogwira ntchito ku Johannesburg. Iwo adatikweza galimoto, ndipo titayenda ngati maola atatu chakummwera, pakati pa minda yosaoneka malire ake, tidafika ku Bethlehem, m'chigawo cha Free State. Musadabwe nalo dzinali: Azungu amene adamanga mudziwo mu 1864 adaona kuti nthaka yake ibala tirigu wambiri, nautcha dzina lotanthauza nyumba ya mkate, ndipo kamtsinje kake adakatcha Jordaan.

Makilomita 18 kuchokera m'mudzimo, patsinde pa thanthwe lalikulu, pali malo otchedwa Lionsrock, a mahekitala 1,250, amene bungwe la Four Paws la ku Vienna lidatsegula mu 2008. M'menemo asungamo zilombo zoposa 100, makamaka mikango, ndiponso anyalugwe ndi akambuku. Zidachokera m'makola a anthu ochita masewera ndi nyama, m'malo oonetsera nyama amene adasauka, ndi m'manyumba a anthu olemera amene adatopa nazo.

Kambuku amene tinena pano si nyalugwe wamawanga uja wogwira mbuzi kwathu ayi. Ameneyu ndi wa ku Asia, wofiirira ndi mizere yakuda, ndipo wamphongo wa ku India apitirira makilogalamu 200. Mkango ukhala pagulu, koma iye ayenda yekha. Akonda madzi, nasambira ndithu. Zaka 100 zapitazo adalipo ngati 100,000 m'nkhalango, koma lero atsala zikwi zowerengeka. Dziko la India, kumene ali ambiri koposa, lidapeza 3,682 pa kalembera wa 2022.

Tidaima kunja kwa mpanda wautali wa waya nthawi yaitali osaona kanthu. Tsono udzu udagwedezeka, ndipo taonani, chilombo chidatuluka mwakachetechete, nkutsikira m'dziwe mpaka m'khosi, osatiyang'ana nkomwe. Tonse tidangoti chete, pakuti ngakhale panali mpanda, mantha adatigwira.

Pamenepo tidaphunzira kulemera kwake kwa ntchito yosunga nyama yotere. Kambuku mmodzi adya nyama makilogalamu asanu kapena kuposa pa tsiku. Afunika bwalo lalikulu la udzu, mitengo yonolera zikhadabo, mthunzi, dziwe, ndi pobisala pamene safuna kuonedwa. Akadwala, sing'anga wa nyama ayamba wamugoneka ndi mankhwala asanamuyang'ane mano ndi mafupa. Ndipo ambiri afika ali ndi mano othyoka chifukwa chotafuna zitsulo, ndi mafupa ofooka chifukwa cha zakudya zosayenera za paubwana. Pamalopo salola mlendo kugwira chilombo, saziswetsa, ndiponso sazigulitsa. Kambuku wobadwira m'khola sangabwezedwe ku thengo, pakuti sadaphunzire kusaka, ntchito imene mwana aphunzira kwa make pafupifupi zaka ziwiri. Chotero womulandira ayenera kumudyetsa kufikira imfa, ndipo m'khola akhoza kukhala zaka 20.

Nkhani imene idatikhudza mtima koposa ndi ya akambuku anayi a ku Argentina. Mu 2007 eni masewera ena adasiya akambuku awiri, wamphongo ndi wamkazi, m'ngolo ya sitima m'chigawo cha San Luis, napempha mlimi wina kuti awasungire kanthawi. Enewo sadabwerenso. Nyamazo zidaswana momwemo, ndipo zidakhala m'ngoloyo zaka 15, osaponda udzu. M'mwezi wa Marichi 2022 anayiwo, Sandro, Mafalda, Messi ndi Gustavo, adanyamulidwa pa ndege, nafika ku Lionsrock, kumene adayamba kuyenda pa dothi. Talingalirani: mlimi uja sadagule nyamazo, koma mtolo wa wina udamugwera, ndipo zilombozo zidalipira mlandu umene sizidapalamule.

Vutoli silili kutali kokha. M'dziko lomwelo la South Africa anthu aweta akambuku m'mafamu ndi m'mabwalo a nyumba zao, popeza malamulo oteteza nyama za m'dzikomo sagwira mwamphamvu pa nyama yachilendo. M'mwezi wa Januwale 2023 kambuku wamkazi wotchedwa Sheba adathawa pa famu ina ku Walkerville, kummwera kwa Johannesburg, navulaza munthu, napha agalu. Ndipo patapita masiku owerengeka adamuwombera. Mwana wa kambuku akoma m'manja ali wamng'ono, koma chaka chisanathe asanduka chinthu chimene mwini wake sangachigwire.

Pobwerera madzulo, mapiri a Maloti akuzimirira kumbuyo kwathu, tidakumbukira kwathu. Palibe mmodzi wa inu adzaweta kambuku. Koma mwana wa pusi womangidwa chingwe m'chiuno tamuona, ndi mbalame zofera m'zikwere za anyamata, ndi galu wokhala pa unyolo padzuwa wopanda madzi, ndi mbuzi yoiwalika pachikhomo tsiku lathunthu. Mlandu wake ndi umodzimodzi. Nyama ili kuthengo idzifunira yokha chakudya, madzi ndi mthunzi. Koma tsiku limene munthu aimanga, zonsezi zisanduka ngongole yake, ndipo ngongoleyo sitha msanga.

Tsono inu atate ndi amayi, mwana akabwera ndi kanyama ka kuthengo m'manja, mufunseni kuti adzakadyetsa chiyani mawa, ndi chaka chamawa. Akasowa yankho, mperekezeni akakabwezere pamene adakatola dzuwa lisanalowe. Ndipo zoweta zimene zili kale pakhomo panu, muzizonde madzulo ano, muone ngati zamwa.

Tsalani bwino, abale, kufikira mwezi wamawa.