Mnyamata Amene Sanali Kuimba

Kwathu ku Chadiza mwana amadziwa kuvina asanayambe kulankhula. Akadali kumsana, amai ake akamasinja, iye amagwedeza mutu kutsata munsi. Tsono mungamvetse nkhawa yanga pamene mlongo wanga anadza kwa ine m'caka ca 2009 nati, "Acimwene, mwana wanuyu wandikanika. Anzake ali ku kwaya, iye ali kuseri kwa nkhokwe ndi buku."

Pokhala malume wake, udindo unali wanga. Ndinamgwira dzanja kupita naye ku kwaya ya ana. Anaima pamzere nagwedeza milomo, koma nkhope yake inali ngati ya munthu woyembekeza basi. Ngakhale ng'oma za pa Kulamba ku Mkaika, zimene zimadzutsa ndi nkhalamba zomwe, sizinamgwedeze phewa. Ine ndinati ndi mwano, ndipo ndinamkalipira pamaso pa anzake. Usiku wake anandiyankha mofatsa kuti, "Amalume, nyimbo ndimaimva bwino, ndipo wina akaphonya ndimadziwa. Koma cimene inu mumakondwera naco ine sindicipeza." Pomva izi ndinamlanda mabuku mwezi wathunthu. Za cimeneci ndili ndi manyazi kufikira lero.

Patapita zaka, iye mwini, atakula, ndiye anandimasulira zimene anawerenga. Mu 2014 akatswiri a ku Barcelona, m'dziko la Spain, pamodzi ndi Josep Marco-Pallarés, anaonetsa kuti alipo anthu a makutu abwino ndi moyo wangwiro amene nyimbo siziwapatsa cimwemwe. Powayesa anapeza kuti pamasewera opata ndalama mtima wao unali kugunda msanga monga wa aliyense, koma pomvera nyimbo thupi linangoti zii. Mu 2016 anapezanso kuti mwa anthu otere mbali ya ubongo yolandira mau silumikizana kwambiri ndi mbali yobala cimwemwe. Akatswiriwo amayerekeza kuti mwa anthu 100, atatu kufikira asanu ndi otere. Alipo enanso, amene Isabelle Peretz wa ku Montreal wawafufuza zaka zambiri, amene amavutika kusiyanitsa liu lokwera ndi lotsika, kotero kuti sazindikira ngakhale nyimbo yodziwika. Mnyamata wathu sanali wa gulu laciwirili. Khutu linali kumva, koma uthenga sunali kufika kumene kumacokera cimwemwe.

Cimwemwe cake cinali ndi khomo lina. M'bokosi langa munali Nthondo, buku la Samuel Ntara la mu 1933, Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, ndi Fumbi Khoboo! la Julius Chongo, uja tinali kumvera nthano zake za Poceza m'Madzulo pa wailesi. Onsewa anawawerenga kambirimbiri mpaka zikuto kuthothoka. Panalibe mayeso, panalibe womfunsa mafunso. Madzulo anali kukhala pamphasa ndi agogo ake, amene sanapite ku sukulu, nawawerengera mokweza, akusintha mau pa munthu aliyense wa m'nkhani. Agogowo akaseka, maso ake anali kuwala monga mmene athu amawalira kwaya ikafika pokoma.

Pamenepo ndinaphunzira kuti mwana amakonda kuwerenga akadzisankhira yekha buku, likakhala m'cilankhulo cimene amalota naco, ndiponso akapeza womvetsera. Tikasandutsa buku kukhala cilango, kapena kumlanda monga ndinacitira ine, timatseka citsime comwe amamwapo.

Lero mnyamata uja ndi bambo wa ana awiri, ndipo pa Misa ndiye kawirikawiri amawerenga Mau a Mulungu. Anthu akamaimba amaima mwaulemu, milomo ili citsekere. Koma akatsegula buku, chalichi conse cimakhala cete, ndipo agogo a kumbuyo amamva liu lililonse. Paulo Woyera, polembera Akorinto, anatiphunzitsa kale kuti mphatso n'zosiyana, monganso zala za dzanja limodzi sizilingana.

Makolo anzanga, ngati m'nyumba mwanu muli mwana amene ng'oma simnyamula, musafulumire kumucha wamwano kapena wolodzedwa. Mfunseni cimene cimamkondweretsa, ndipo mumvetsere yankho lake. Ine ndinapepesa kwa mwana wa mlongo wanga patapita zaka 12. Iye anangoseka, nandipempha kuti ndimsiyire bokosi lija kuti ana ake adzawerenge.