Kusankha mtundu wa PHP pa seva: ku Britain ndi ku Malawi

PHP ndi chinenero cha kompyuta chimene mawebusaiti ambiri, kuphatikizapo onse a WordPress, amalembedwamo, ndipo pa seva, yomwe ndi kompyuta yosunga webusaiti n'kumaipereka kwa oifuna, pamaikidwa pulogalamu yoyendetsa chinenerochi. Mtundu watsopano wa pulogalamuyi umatuluka chaka ndi chaka, koma uliwonse uli ndi tsiku limene eni ake amaleka kutseka mipata imene akuba a pa intaneti angalowerepo: wa 5.6 unasiyidwa kumapeto kwa 2018, wa 7.4 pa 28 Novembala 2022.

Mmalawi wogwira ntchito yosamalira maseva ku Britain amapeza kuti tsiku limeneli limalembedwa m'bajeti lisanafike n'komwe. Si kuti akatswiri akumeneko ndi anzeru kuposa a ku Lilongwe kapena ku Blantyre ayi, koma kuti chiphaso cha Cyber Essentials, chimene boma limafuna pa makontilakiti ena, sichilola pulogalamu imene eni ake anaisiya. Ngakhale zili choncho, sathamangira mtundu umene wangotuluka kumene. Amayamba auyesa pa seva yoyeserera, kudikira kuti mapulagini, omwe ndi timapulogalamu towonjezera, agwirizane nawo.

Kumudzi ku Malawi kontilakiti nthawi zambiri imathera pa tsiku lotsegulira webusaiti. Woikonza akalandira malipiro ake amapita, ndipo webusaitiyo imatsala pa seva yogawana ndi anthu ena, pamene mtundu wa PHP umasankhidwa pa kamndandanda ka mu cPanel, pulogalamu yoyang'anirira webusaiti pa seva. Pakapita zaka, wina akasintha nambala ija kuchoka pa 7.4 kufika pa 8, tsamba limangoyera mbee, chifukwa mtundu wa 8.0 unachotsa malamulo akale monga each ndi create_function, amene pulagini yakale imadalirabe. Mwachangu amabwezera nambala yakale, tsamba n'kuwonekanso, nkhani n'kuthera pomwepo, mpata wa akuba uli chitsegukire. Kumunena munthu wotereyu kuti ndi waulesi n'kulakwa, pakuti seva imalipiridwa m'madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yokonzera zinthu zimene zikuwoneka kuti zikuyenda ndiyo yoyamba kudulidwa.

N'chifukwa chake njira ya ku Britain yokweza mtundu pafupipafupi siyingakopedwe mmene ilili, popeza imafuna munthu wolipidwa mwezi ndi mwezi. Choyenera kumudzi n'kusankha, pa tsiku loyamba, mtundu umene udzasamalidwe nthawi yaitali popanda kuusintha. Pulogalamu yoyendetsa seva yonse ya Ubuntu 24.04, mwachitsanzo, imabwera ndi PHP 8.3, ndipo kampani ya Canonical, yomwe imaipanga, imatumiza zigamba za chitetezo kwa zaka zisanu, zimene seva ingathe kumalandira yokha. Tsiku limene chisamalirochi chidzathe, m'chaka cha 2029, liyenera kulembedwa m'kontilakiti pamodzi ndi mtengo wodzasamutsira webusaitiyo.