Chambo cha fulawa pamkeka wa Khirisimasi

Kwathu ku Makawa, m'mbali mwa msewu wochoka ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay, Khirisimasi inkayamba madzulo a pa 24 Disembala amayi akatulutsa beseni la fulawa. Tebulo tinalibe. Tinali ndi mkeka wa mlaza umene unkakhala kudenga chaka chonse, ndipo kuukongoletsa kuti uoneke wa tsiku lalikulu inali ntchito ya ife ana. Ndikunena za m'ma 1980, fulawa ikulowa m'nyumba mwathu kamodzi kapena kawiri pachaka.

Amayi akatha kukanda mtanda wa mandasi, ankabenthulako n'kuika kachidutswa m'manja mwa mwana aliyense. "Umbani chimene mukufuna, koma chisanenepe, sichipsa m'kati." Manja athu anali atazolowera kale kuumba ng'ombe zadothi kudambo, choncho sitinkafunsanso. Achimwene ankaumba bwato, n'kubowola pakati ndi chala. Mng'ono wanga ankapota kachingwe n'kunena kuti ndi njoka, amayi n'kumuuza kuti njoka sifika pamkeka wa alendo, aipinde ikhale nkhata. Ine changa chinali chambo. Mamba ndinkalemba ndi nsonga ya supuni, zipsepse ndinkacheka ndi kampeni, diso linali kanjere ka mtedza. Chikalowa m'mafuta chinkatupa, mchira n'kupindika, ife titazungulira chiwaya, utsi uli m'maso, aliyense akulondera chake kuti chisasokonekere ndi cha mnzake.

Kukacha tinkayala masamba a nthochi pamkeka. Zigoba za malambe zimene tinasunga kuchokera m'chilimwe tinkazitsuka n'kuthiramo mbuliwuli. Mango ndiye anali paliponse mwezi umenewo, ndipo achemwali ankawacheka mizere yopingasa n'kutembenuza khungu kuti aoneke ngati duwa. Pakati pankakhala chigumu chimene agogo anawotcha mumphika, makala pansi, makala pachivundikiro. Kenako zoumba zathu zija zinkazungulira chigumucho, mabwato kutsogolo, nsomba kumbuyo. Mpunga ndi nkhuku zinkabwera masana, botolo la Sobo n'kusungunulidwa mundowa kuti likwanire tonse. Palibe ankaloledwa kudya choumba chake abambo asanachione ndi kufunsa kuti mwini wake ndani.

Anzathu oyandikana nawo nyumba anali Asilamu, monga mmene zilili m'midzi yambiri ya ku Mangochi. Nkhuku yathu ya Khirisimasi inkazingidwa ndi bambo wa m'nyumba imeneyo kuti tonse tidye, ndipo ana awo ankakhala nafe pabeseni paja. Pa Idi inali nthawi yathu yopita kwawo, kumene anganga awo ankatiphunzitsa kukulunga mkate wa nthochi m'masamba. Mbale imene inapita ndi zitumbuwa sinkabwerera yopanda kanthu.

Luso lathu lophika silinkayambira pa Khirisimasi. Linkachokera kumasanje. Anthu akakolola, ife tinkakunkha zotsalira m'minda, kumanga timisasa kuseri kwa mudzi, n'kumaphika zenizeni m'timiphika tathu. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ankadziwa kale kusonkha moto ndi kuyesa mchere. N'chifukwa chake amayi sankaopa kumupatsa mtanda.

Sindingaloze chaka chimodzi n'kuti apa ndi pamene zinathera. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994 ana anadzaza m'makalasi, ndipo ndi bwino kuti zinatero, koma masanje anayamba kuchepa. Magetsi atafika pamalo ochitira malonda kunabwera mafiriji ndi mafilizesi. Anyamata a kwathu anayamba kupita ku Joni mwaunyinji, ndipo Disembala aliyense amabwera ndi zikwama za mabisiketi ndi maswiti okulungidwa m'mapepala owala. Lero amene ali nazo amaitanitsa keke pa WhatsApp, kulipira pafoni, wakabaza n'kubwera nayo m'katoni. Sindidzudzula mayi aliyense pa zimenezi. Ndinawaona amayi anga akutsokomola ndi utsi mpaka pakati pausiku, ndipo ndikudziwa kuti akanapeza keke yogula akanapuma.

Chimene chinasintha kwambiri, mmene ndimaonera, ndi fulawa yeniyeniyo. Kale inali ya chikondwerero. Tsopano mandasi ali m'ndowa pamsika uliwonse kuyambira ku Namwera mpaka ku Chembe, ndipo kwa amayi ambiri mtanda uja ndiwo mpamba wa geni. Amadziwa kuti kilo imodzi itulutsa mandasi angati, ndipo kachidutswa kamene mwana angaseweretse ndi ndalama ya sopo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira ndi shuga zinakwera moti ngakhale pa Khirisimasi munthu amayeza ndi kasupuni. Mwana wasanduka wongotumidwa kugolosale. Amabwera ndi jumbo, kudikira, kudya, timapepala n'kutsala mbwee pabwalo mpaka mvula itatikokolera kunyanja.

Chaka chatha adzukulu anga atatu anabwera kuchokera ku Blantyre. Ndinagula kilo ya fulawa, yisiti ndi mafuta, n'kuyala mkeka pakhonde ngakhale kuti tebulo tsopano lilipo. Poyamba anangoyang'ana mtandawo, manja ali kumbuyo. Wamkulu anafunsa kuti, "Agogo, tikalakwitsa simutikalipira?" Funso limenelo linandilasa mtima. Ndinamuuza kuti pamtanda palibe kulakwitsa, chikakanika timakandanso. Pasanathe nthawi wina anali ataumba foni, wina minibasi ya matayala atatu, ndipo ana awiri a neba anali atalowa kale pampanda.

Wamng'ono anati akufuna nsomba ngati yanga, koma anaumba kanthu kowonda ngati chala. Anati ndi usipa, chifukwa ndiyo nsomba imene amaidziwa. Sanalakwe. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinachepa kwambiri kumayambiriro kwa m'ma 1990, cha m'nyanja yaikulu nachonso chikusowa, ndipo chochepa chimene chimakokedwa chimathera kumahotela ndi m'mizinda. Ndinagwira dzanja lake, tinaphwatalitsa mtanda, n'kumuonetsa pamene pamakhala chipsepse cha pamsana. Tili pomwepo ndinawafotokozera mmene chambo chachikazi chimasungira mazira ndi ana ake m'kamwa, komanso chifukwa chake boma limatseka nyanja nthawi yoswana. Anamvetsera manja ali mbuu ndi fulawa, mmene sanandimverepo ndikamayankhula pafoni.

Mandasi a tsikulo ena anapserera, ena anali aawisi pang'ono m'kati, koma palibe limene linatsala. Mbale imodzi inapita kwa neba, ndipo pa Idi inabwerera ndi mkate.

Inu amayi, abambo ndi agogo anzanga a m'mbali mwa nyanja, kaya tsiku lanu ndi Khirisimasi kaya ndi Idi, keke gulani ngati thumba likulola. Koma pamene mukukanda, benthulaniko kachidutswa ka mandasi awiri okha, muitane mwana asambe m'manja, akhale pambali panu.