Paipi yosiyidwa padzuwa

Mwezi watha ndinaperekeza atate ku kiliniki. BP yawo inali 168 pa 78. Ndinafunsa anesi chifukwa chake nambala yapamwamba yokha ndiyo yakwera. Iwo anati mitsempha ya magazi ya mwana imatamuka ngati mphira wa malegeni: mtima ukapopa, imafutukuka. Munthu akamakula imauma ngati paipi yosiyidwa padzuwa, ndiye mtima umakankha movutikira. Mchere wambiri, fodya ndi matenda a shuga zimafulumizitsa kuumako, koma munthu samva kuwawa.

Kenako anandiyang'ana. "Nanga imwe, munapimitsa liti?"

Ndili ndi zaka 27, ndipo ndinali ndisanapimitsepo. Ndinapereka mkono.

Madzulo amai atabweretsa nsima ndi kapenta, dzanja langa linathamangira mchere monga mwa masiku onse. Ndinalibweza.