Chigongono cha wosewera tenesi ndi cha mlimi wa kachewere

Abale anga a ku Lifidzi, kuno ku Johannesburg ndimasamalira mabwalo a tenesi, ndipo vuto limene limasautsa osewera ambiri ndi lomwe lija kwathu timangoti nyamakazi ya m'chigongono. Kumawawa cha kunja, pa kafupa kotukuka kaja. Kunyamula ketulo, kufinya zovala, ngakhale moni wa m'manja, ululu umatsetsereka mpaka ku dzanja.

Chimene chimavulala ndi mtsempha womangirira minyewa yodzutsa dzanja pa kafupako. Suduka tsiku limodzi ayi. Umanyenyeka pang'onopang'ono munthu akamafumbata chinthu mwamphamvu n'kumachita zomwezomwezo tsiku ndi tsiku. Madokotala amati pa akuluakulu 100 alionse, mmodzi mpaka atatu amadwala zimenezi, makamaka a zaka 35 mpaka 55, ndipo ambiri sanagwirepo raketi chibadwire.

Kuno wosewera akadandaula, mphunzitsi amayamba waona kamenyedwe kake. Kawirikawiri amapeza kuti mpira wa backhand akuubweza ndi dzanja lokha, phewa ndi chiuno zili phee. Amaonanso chogwirira cha raketi ngati chikumukwana, ndi zingwe ngati zakungika kwambiri. Akatero amapita kwa physiotherapist, amene amam'patsa kachitsulo kopepuka: mkono patebulo, chikhatho chozondotsa, kudzutsa dzanja lodwalalo mothandizidwa ndi linzake, n'kulitsitsa lokha pang'onopang'ono. Tsiku lililonse, kwa miyezi. N'zotopetsa, koma mtsempha umalimba choncho.

Kwathu ndani adafunsapo kuti tione khasu lanu? Timathowa ndi madzi otentha, timatema mphini, timagula diclofenac pamsika. Ululu ukangoti zii, m'mawa mwake tili m'mizere ya kachewere ndi mpini womwewo, mayi ali pamtondo ndi munsi womwewo. Mapiritsiwo amagonetsa ululu basi, ndipo ukawamwa miyezi amawononga m'mimba ndi impso. Za mphinizo sindikangana ndi agogo, koma lezala ikhale ya munthu mmodzi.

Musaganize kuti kuno zonse n'zanzeru. Ofulumira amalipira jakisoni wa cortisone, masabata angapo n'kumaseka. Ku Brisbane, ku Australia, adafufuza zimenezi n'kuzisindikiza mu 2006 ndi mu 2013: obayidwa amapeza bwino msanga, koma ambiri ululu umawabwerera, kuposa amene sadabayidwe cortisone. Vutoli limatenga miyezi 6 mpaka zaka ziwiri, ndipo pafupifupi 9 mwa anthu 10 amachira chaka chisanathe. Mankhwala amene munamwa chakumapeto ndi amene amatenga ulemu wa nthawi.

Langizo lakuti pumulani ndi la anthu a malipiro apamwezi. Mvula ya kwathu ku Angónia siidikira chigongono cha munthu. Chotheka n'chakuti musinthe mpini ukhale wokwana m'manja, musaufumbate ngati wakulakwirani, khasu likhale lakuthwa, ndipo ntchito muzisinthanitsa, osati kulima kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka. M'malo mwa kachitsulo kaja, botolo la madzi la theka la lita likwanira.

Koma chigongono chikatupa n'kutentha, zala zikachita dzanzi, kapena ululu ukayamba mutagwa panjinga, limenelo ndi vuto lina. Pitani ku Ulongwe, akakuoneni kuchipatala.