Pa Njinga Kuchoka ku Dedza Kutsikira ku Mua

Ife amene timakonda njinga yakapalasa timadziŵa kuti dziko limaoneka bwino munthu akamaliyenda ndi thukuta lake. Pa galimoto chitunda ndi chigwa n'chimodzimodzi, koma pa njinga mwendo umaŵerenga chitunda chilichonse.

Tikanyamuka ku Dedza m'mamaŵa, chisanu chikuluma zala, msewu umakwera ndi kutsika pakati pa minda ya kachewere, mbali ina Malaŵi, mbali ina Mozambique. Kumanzere timasiya njira ya ku Bembeke, mishoni ya mu 1910. Pa Masasa timakhota, ndipo apa nthabwala zimatha: msewu wa Khwekhwerere umapindika ngati njoka mpaka ku Golomoti, ndipo wopanda mabuleki abwino angotsika n'kumakankha, pakuti manyazi sapha koma phompho.

M'makhotamo timakumana ndi abale athu akukankha njinga zolemedwa ndi matumba, kulimbana ndi phiri kuti ana adye. Ife tikuyenda mokondwa, iwo ali pa ntchito. Timapatsana moni, komabe moniwo umatisiyira kanthu kolasa mumtima, ndipo nkoyenera kuti kalase.

Kuchigwa mphepo imafunda, milambe imayamba kuoneka. Ku Mua, kumene ansembe a White Fathers adafika mu 1902, timatsamiritsa njinga pa mtengo. Pafupi pali Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, osunga miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao. Timaloŵa m'tchalitchi miyendo ikunjenjemera, fumbi lili m'nsidze, ndipo kugwada kumativuta pang'ono.