Kangaude Wodumpha wa ku Dambo la Njovu

Munthu akatsika phiri la Thabwa aona chigwa chonse cha Shire chitayalika pansi ngati mphasa, ndipo kutentha kumchingamira asanafike pa mlatho wa ku Chikwawa. Ife tinapitirira minda ya nzimbe ya ku Nchalo, ndi kukagona kufupi ndi Bangula, m'mphepete mwa dambo lija Azungu alitcha Elephant Marsh. M'damboli David Livingstone anaona njovu ngati 800 m'chaka cha 1859. Njovuzo zinatha kalekale. Zatsala mvuu, ng'ona, asodzi ndi mabwato ao, ndiponso udzudzu wosawerengeka.

Kutacha, tili chikhalire pakhonde, tinaona kakangaude kotuwa pachipupa, kosafika pa mbeu ya nyemba. Mwana wa m'nyumbamo anafuna kukaphwanya, koma tinamletsa. Iko kanatembenuka ndi kutipenyetsetsa ndi maso aakulu awiri a kutsogolo; onse pamodzi ali 8. Kangaude wotere satchera ukonde ai. Anyang'ama ngati mphaka, namata ulusi pakhoma, nadumphira ntchentche. Akaphonya alendewera pa ulusiwo, nakweranso. Mphamvu yodumphira ichokera ku magazi amene awakankhira mwadzidzidzi m'miyendo ya kumbuyo.

Mitundu ya akangaude odumpha yolembedwa ndi akatswiri iposa 6,000, ndipo yatsopano ionjezedwa chaka ndi chaka. Umodzi watikhudza ife anthu a kuchigwa. M'chaka cha 2003 Wanda Wesołowska wa ku Poland ndi Robert Jackson wa ku sukulu yaikulu ya Canterbury, ku New Zealand, anaupatsa dzina lakuti Evarcha culicivora, ndiko kunena wodya udzudzu. Kwao ndi ku nyanja ya Victoria, ku Kenya ndi ku Uganda. Utali wake ndi mamilimita ngati 5, ndipo wamphongo ali ndi nkhope yofiira. Sangodya chimene wapeza: asankha udzudzu waukazi wokhuta magazi, makamaka Anopheles, amene afalitsa malungo, namzindikira ndi kakhalidwe kake kopendeka potera. Ngakhale fungo la sokosi yovalidwa limkoka (tinaseka pomva ichi, koma nchoona), pakuti pamene pali munthu pali udzudzu wokhuta.

Kathu ka pachipupa kaja ndi kambale kake chabe. Ndipo akangaude awa asaka masana, pamene udzudzu wa malungo uluma usiku. Tsono dzuwa litapendeka amai a m'nyumbamo anatulutsa singano, nasoka zibowo zitatu za neti ya ana, ife tili kuwagwirira nyali.